Kamimba Kotukumuka Si Kukhuta

Mphepo anafika pakhomo pathu ali ndi milungu 7, atadzipinda m'katoni. Anali kagalu kofiirira, kamakutu ogwa, miyendo ngati timitengo, koma kamimba kokha kali kotukumuka, kolimba ngati ng'oma. Kamimbako ndinakakonda. Mumtima ndinkati kumene wachokeraku amadya bwino ndithu. Ndipo kudya ankadyadi. Chilichonse chimene ndamuikira ankachimaliza, n'kumanyambita mbale mpaka kukaigunditsa kukhoma. Koma milungu iwiri inatha osaoneka kuti akukula. Ubweya unali woimaima, wosawala, ndipo akangosewera pang'ono ankakagona pakona ali khuma. M'mawa wina anasanza pakhonde. M'masanzimo munali zinthu zitatu zoyererako, zazitali kuposa chala changa, zikudzipindapinda.

Adokotala a ziweto sanayambire pamimba ngati mmene ndinkayembekezera. Anamukweza mlomo wam'mwamba ndi chala n'kundiitana. "Mayi, tabwerani muone nkhamazi." Zinali mbee ngati pepala, pamene nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira ngati zathuzi. "Chakudya mukumupatsa," anatero, "koma amene akudya ndi ena. Njoka mwaonazo zikumulanda chakudya, ndipo pali zina zing'onozing'ono zimene simunazione, izo zikumumwa magazi." Ndinawafunsa kuti wazitenga kuti, poti chibwerereni sanatulukepo kumpanda. Anandiyankha mwachidule kuti anabadwa nazo.

Njoka yaikuluyo dzina lake ndi Toxocara canis. Galu wamkazi, ngakhale wooneka wathanzi, amatha kusunga timphutsi ta njokayi titagona m'minofu yake kwa zaka. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo chakumasiku 42 timphutsito timadzuka n'kulowa mwa ana ali m'mimba momwemo. Tina timadzera mumkaka akamayamwa. Ana amphaka nawo ali ndi yawo, Toxocara cati, imene amaiyamwira kwa make. Zomwa magazi zija ndi za mtundu wa Ancylostoma. Izo zimakola timano tawo m'matumbo, zikasamuka pamalo zimasiya bala likukha magazi, ndipo zikachuluka zimatha kupha kagalu kamene sikanakwanitse n'komwe mwezi. Ndiye musamavutike n'kudzifunsa ngati kagalu kanu kali ndi njoka. Ingodziwani kuti mwina kali nazo, n'kuchitapo kanthu.

N'chifukwa chake mankhwala amayamba msanga chonchi: ana agalu ali ndi milungu iwiri, ana amphaka ali ndi milungu itatu, n'kumabwereza milungu iwiri iliyonse mpaka patapita milungu iwiri chisiyireni kuyamwa, kenako mwezi ndi mwezi mpaka akwanitse miyezi 6. Make woyamwitsayo amamwa nawo limodzi. Poyamba kubwerezaku ndinkakuona ngati kungowononga mankhwala, chifukwa ndinkaganiza kuti mankhwala a njoka ali ngati katemera, kuti akalowa m'thupi amakhala akulondera. Ayi ndithu. Ambiri mwa mankhwalawa amangosesa zimene azipeza m'matumbo tsikulo, n'kutuluka. Timphutsi timene pa nthawiyo tinali paulendo, kudutsa m'chiwindi ndi m'mapapo, timafika m'matumbo mankhwala atapita kale, n'kuyamba kukula mwamtendere. Mukabwereza, mumatipeza tisanayambe kuikira mazira.

Kwa galu kapena mphaka wamkulu, bungwe la akatswiri a ku Ulaya lotchedwa ESCCAP limalangiza kupereka mankhwala a njoka kosachepera kanayi pachaka ngati chimbudzi cha chiwetocho sichikupimidwa, pamene bungwe la CAPC ku America limalimbikitsa chitetezo cha chaka chonse osadumphitsa. Kusiyanaku kusakusokonezeni. Zimadalira moyo wa chiwetocho. Mphaka wosaka makoswe ndi abuluzi, kapena galu wotola chilichonse chimene wapeza panjira, sangafanane ndi wongokhala m'nyumba. Chinanso chimene ndinachedwa kuchidziwa n'chakuti si piritsi lililonse limapha njoka zonse. Pyrantel amagwira njoka zozungulira ndi zomwa magazi, koma njoka zaphanthiphanthi zimafuna praziquantel. Muziwerenga pabokosi. Ndipo mlingo wake umatsatira kulemera kwa chiweto, osati kuyerekeza ndi maso. Ine ndimakwera pasikelo nditamunyamula, n'kukweranso ndekha, n'kuchotsera. M'madera amene muli njoka ya mumtima, imene imafalitsidwa ndi udzudzu ndipo imatalika mpaka masentimita 30, galu wamkulu amayamba wapimidwa magazi asanayambe mankhwala oiteteza. Zimenezo mukafunse kwa adokotala a kwanuko.

Pali chifukwa china chimene chimandichititsa kuti nkhani ya njokayi ndisamaitenge mwachibwana. Njoka imodzi yaikazi ya Toxocara canis imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku limodzi. Mazirawo amatuluka ndi chimbudzi, amakhwima m'dothi kwa milungu iwiri kapena inayi, ndipo chikhungwa chawo n'cholimba moti amakhala amoyo kwa zaka. Mwana wokwawa amene wagwira dothilo n'kuika chala mkamwa akhoza kuwameza. Mwa munthu timphutsito sitikula kukhala njoka, timangoyendayenda m'thupi, ndipo nthawi zina kamodzi kamakathera m'diso n'kuliwononga. Pa nthawi imene Mphepo ankasanza njoka pakhonde paja, mwana wanga anali ndi zaka ziwiri, ndipo pakhondepo ndi pamene ankasewerera. Kuyambira tsiku limenelo ndimatola chimbudzi cha galu m'mawa uliwonse. Ndi ntchito yosasangalatsa, koma walira mvula walira matope. Ubwino wake ndi wakuti mazira a m'chimbudzi chatsopano amakhala asanakhwime, ndiye mukatola tsiku lomwelo mwadula mzere wonse.

Madzulo a tsiku limene tinachokera kwa adokotala ndinatenga kope lachikuto chobiriwira n'kulemba tsiku, kulemera kwa Mphepo, dzina la mankhwala ndi tsiku lobwereza. Kopelo ndikadali nalo. Ndinaliyamba chifukwa ndinazindikira kuti maso anga anandinamiza, ndipo akhoza kundinamizanso. Galu sadandaula, mphaka ndiye amachita kubisa ululu. Chizindikiro chikamafika poonekera patali, matenda amakhala atayenda kale mtunda wautali. Zimene zimanena zoona msanga ndi sikelo, zala zimene zikufufuza m'nthiti ndi m'makutu, mtundu wa nkhama, ndi tsiku lolembedwa.

Maso anandinamizanso kachiwiri, koma ulendo uno mbali inayo. Mphepo atachira ndinali ndi mantha oti angaondenso, moti mbale yake sinkakhala yopanda kanthu. Akandiyang'ana ndikudya, ndinkamubenthulira. Atakwanitsa zaka ziwiri anali wonenepa, msana uli tambalala, ndipo aliyense wobwera kunyumba ankamuyamikira. Tsiku la katemera wa chiwewe adokotala anamugwira m'mbali n'kupukusa mutu. Anandifotokozera za kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, wothandizidwa ndi kampani ya Purina. Anatenga agalu 48 a mtundu wa Labrador n'kuwaika awiriawiri, apachibale, ndipo pa awiri alionse mmodzi ankapatsidwa chakudya chochepa ndi magawo 25 pa 100 poyerekeza ndi mnzakeyo. Anawatsatira zaka 14. Odya mochepawo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 13, pamene anzawo anakhala zaka 11 ndi miyezi ingapo, ndipo nyamakazi inachedwa kuwagwira. Chakudya chinali chimodzimodzi, agalu ake amodzimodzi. Kusiyana kunali kukula kwa mlingo basi. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za zaka ziwiri zimenezo, zimene ndinkamuchotsera pang'onopang'ono ndi dzanja langa lomwe.

Njira yoyezera imene anandiphunzitsa imangofuna dzanja lanu. Tambasulani dzanja, muyendetse chala pamwamba pa mafupa a kuseri kwake. Mukuwamva bwinobwino, ali ndi kachikopa pamwamba. Nthiti za galu kapena mphaka wathupi labwino zimamveka choncho. Tsopano fumbatani chibakera n'kukhudza mfundo zotumphukazo: akamveka motero ndiye kuti waonda. Tembenuzani dzanja mugwire mkati mwa chikhato, m'munsi mwa zala, pamene mafupa mpaka muchite kudinikiza kuti muwamve: ameneyo wanenepa. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, pakati pa nthiti ndi chiuno pazioneka polowa. Madokotala amagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo galu amafunika kukhala pa 4 kapena 5. Mphepo anali pa 7. Ndinagula kapu imodzi yoyezera, ndinayamba kumupatsa kawiri pa tsiku pa nthawi yake, ndipo zapambali zonse ndinazichepetsa kuti zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsikulo. Milungu yoyamba ankandilondola paliponse ndi maso achisoni, ndipo zinkandipweteka. Patatha miyezi isanu anayambanso kuthamangitsa mpira mpaka ine kutopa.

Za zimene ziyenera kukhala m'mbalemo, anthu amatsutsana kwambiri, ndipo ine sindilowerera mkangano wa chakudya chogula ndi chophika pakhomo. Zonse zikhoza kukhala bwino, zonse zikhoza kulakwika. Chogula chizikhala ndi mawu akuti complete pathumba, kutanthauza kuti muli zonse zofunika, ndipo chizigwirizana ndi msinkhu wa chiweto. Chophika pakhomo chimafuna malangizo a adokotala, chifukwa cholakwika chake sichioneka msanga. Chitsanzo chimene chimadabwitsa ambiri ndi nyama yokhayokha. Munthu amaganiza kuti kagalu kake akukasamala mwaufumu, koma mnofu uli ndi phosphorus wambiri ndi calcium wochepa zedi, pamene thupi limafuna ziwirizi zikhale pafupifupi zofanana, calcium achulukirepo pang'ono. Likamusowa m'chakudya, thupi limakamusolola m'mafupa. Miyendo imapindika, mafupa amathyoka ndi kagwedwe kochepa. Koma musathamangirenso kuthira ufa wa calcium mwachisawawa, chifukwa kwa ana agalu a mitundu ikuluikulu akachuluka amawononganso kakulidwe ka mafupa. Tiana timadya kanayi pa tsiku mpaka miyezi itatu, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Posintha chakudya muzisakaniza chakale ndi chatsopano kwa mlungu wathunthu, apo ayi atsegula m'mimba.

Zotsala za patebulo ndi pamene pagona ngozi zambiri. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kaya zophika, zimaphwanya maselo ofiira a magazi mwa agalu ndi amphaka, ndipo poti nkhama zimayera patapita masiku, mwini wake sakumbukiranso msuzi umene anathira m'mbale. Chokoleti chili ndi theobromine, amene thupi la galu limachedwa kumuchotsa, ndipo chakuda kwambiricho ndiye choopsa zedi. Mphesa, zaziwisi kapena zouma, zimatha kuimitsa impso za galu. Xylitol, wotsekemeretsa chingamu chopanda shuga, amagwetsa shuga wa m'magazi mofulumira kwambiri. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya kapena kutseka matumbo. Ndipo zam'kati zaziwisi za nkhosa ndi ziweto zina, monga mapapo ndi chiwindi zokhala ndi timatumba ta madzi, n'zimene zimapatsa galu kanjoka kotchedwa Echinococcus. Galuyo sadwala nako, koma mazira ake akalowa mwa munthu amapanga zotupa zamadzi m'chiwindi zimene nthawi zambiri zimafuna opaleshoni.

Phulusa anabwera Mphepo ali ndi zaka zitatu. Ndinamupeza akulira kuseri kwa nyumba mvula ikugwa, kamphaka kotuwa kokwana m'manja awiri. Atakula pang'ono anayamba kumadya m'mbale ya galu, Mphepo n'kumamusiyira malo, ndipo ine ndinkaona kukongola kwa ubwenziwo osaona vuto lake. Mphaka si kagalu kakang'ono. Galu amatha kudya zosakaniza, thupi lake n'kupanga zina zimene zikusowa. Mphaka analengedwa kukhala wodya nyama, ndipo pali zinthu zimene thupi lake silitha kupanga mokwanira. Chachikulu ndi taurine, amene amapezeka m'nyama, makamaka mumtima ndi m'mnofu wakuda. Akasowa, maso amayamba kuwonongeka mkati mwakachetechete mpaka khungu, ndipo mtima umakula n'kulobodoka. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis anasonyeza kuti amphaka ambiri amene ankadwala mtima woterewu ankangosowa taurine, ndipo atawapatsa, mitima yawo inabwerera mwakale. Opanga zakudya za amphaka anawonjezera taurine, matendawo n'kuchepa kwambiri. Chakudya cha galu sichipangidwa poganizira zimenezi. Vitamini A nayenso mphaka sangamutenge ku karoti ngati mmene timachitira ife, amayenera kumupeza m'zanyama. Mbale ya Phulusa ndinaisamutsira pamwamba pa kabati, ndipo ya Mphepo ndimaichotsa akangomaliza.

Mkaka wa ng'ombe, umene aliyense amathamangira kupatsa mphaka, amphaka akuluakulu ambiri umawatsegula m'mimba, chifukwa akasiya kuyamwa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imachepa. Chimene amasowadi ndi madzi. Makolo a amphaka ankakhala kumalo ouma n'kumapeza madzi m'nyama imene agwira, ndiye mpaka lero ludzu lawo n'laulesi. Chakudya chouma cha m'thumba chili ndi madzi pafupifupi magawo 10 pa 100, pamene cham'chitini chili ndi magawo oposa 70. Phulusa ndimamupatsa zonse ziwiri, ndipo mbale za madzi ndinaziika malo atatu, kutali ndi chakudya ndiponso kutali ndi pamene amadzithandizira. Chinthu chimodzi musachiiwale: mphaka akasiya kudya, musadikire kuti njala imubweza. Makamaka wonenepa, akakhala masiku ochepa osadya, mafuta amasefukira m'chiwindi n'kuchilepheretsa kugwira ntchito. Akadumpha tsiku lathunthu osakhudza mbale, ine ndimaimbira adokotala.

Tsiku lina ndikukutumula kansalu kamene Phulusa amagonapo ndinaona tinthu toyera ngati njere za mpunga. Kena kanali kakuyenda. Ndinayang'ana pansi pa mchira wake, tinalinso pomwepo. Ndinadabwa, chifukwa kope linkasonyeza kuti wamwa mankhwala a njoka milungu 6 yapitayo. Adokotala atamva anangofunsa kuti, "Nanga utitiri munayamba mwamuyang'ana?" Ndinati alibe, sindinauonepo. Anamuimika papepala loyera, anamupesa ndi chipeso cha mano othithikana, ndipo panagwa tinthu takuda ngati tsabola wopera. Anadontheza madzi. Tinthuto tinasungunuka n'kusiya mabanga ofiira. Anali magazi a Phulusa, atadutsa m'mimba mwa utitiri. Mphaka amadzinyambita kwambiri moti utitiri wambiri amaumeza musanauone, ndipo njoka imeneyi, Dipylidium caninum, imakulira mkati mwa utitiri. Aumeza, njoka yalowa. Mukhoza kupereka praziquantel mwezi ndi mwezi, koma utitiri ukadalipo njokayo imabwerera pakangotha milungu iwiri kapena itatu.

Utitiri ndi umene unandiphunzitsa kudekha. Umene mumauona pachiweto ndi kagawo kochepa kwambiri, pafupifupi 5 pa 100. Wotsalawo uli m'nyumba mwanu ngati mazira, mphutsi ndi zikwa. Waukazi umayamba kuikira patangotha tsiku limodzi kapena awiri chiyamwireni magazi, ndipo umatha kuikira mazira 40 mpaka 50 pa tsiku. Mazirawo ndi oterera, samamatira paubweya, amangoyoyoka paliponse pamene chiweto chagona: pampando, pakapeti, m'ming'alu ya pansi. Mphutsi zimathawa kuwala n'kulowa mkati. Zikwa ndiye zouma mutu. Mankhwala sazilowa bwino, ndipo zimatha kudikira miyezi mpaka zitamva kutentha ndi kugwedezeka kwa chamoyo chikudutsa. Anthu ambiri amathira mankhwala kamodzi, pakatha milungu iwiri n'kuona utitiri wina, n'kunena kuti mankhwalawo ndi achabe. Si achabe. Umenewo ndi watsopano, wangotuluka kumene m'zikwa. Pamafunika miyezi itatu yosadukiza, ziweto zonse za pakhomo pa nthawi imodzi, ngakhale chimene sichikudzikanda, kuphatikizapo kuchapa zogonera m'madzi otentha madigiri 60 ndi kusesa kapena kupopa fumbi m'makona pafupipafupi. Kwathu unatha m'mwezi wachinayi.

M'kati mwa nkhondo imeneyi ndi mmene ndinatsala pang'ono kupha Phulusa, ndipo ndikamakumbukira mtima umagundabe. Mankhwala ake odontheza pakhosi anali atatha, koma a Mphepo analipo. Ndinaganiza zongomudonthezera pang'ono, poti iye ndi wamng'ono. Nditatsegula kale kabokosi ndinaona kachithunzi ka mphaka kodulidwa ndi mzere wofiira. Munali permethrin. Kwa galu mankhwala amenewa ndi abwino, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya. Amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa. Ngakhale kungogona mokhudzana ndi galu amene wangothiridwa kumene n'kokwanira kumudwalitsa. Kufooka komweku kwa chiwindi n'kumene kumachititsa kuti piritsi limodzi la paracetamol liphe mphaka. Agalu nawo ali ndi zawo. Ivermectin ndi mankhwala odalirika opha njoka za m'mimba ndi tizilombo tina, amene anachititsa kuti William Campbell ndi Satoshi Ōmura alandire mphoto ya Nobel mu 2015, koma agalu ambiri a mtundu wa Collie ndi abale awo ali ndi chibadwa chimene chimalola mankhwalawa kulowa muubongo akaperekedwa ochuluka. Kutapa ivermectin wa ng'ombe n'kubaya galu mongoyerekeza ndi kuika moyo wake pachiswe. Chimodzimodzinso kupaka oilo wakutha wa galimoto pa galu wa mphere: kumawotcha khungu, ndipo akanyambita amamwa poizoni, chonsecho mphere ili ndi mankhwala ake ogwira bwino.

M'kope langa muli mpata wa miyezi itatu wopanda cholembedwa, Mphepo ali ndi zaka zisanu. Inali nyengo yozizira, nkhupakupa sindinkaziona, ntchito inandichulukira, ndipo ndinati ndidzayambiranso kukatentha. Anayamba ndi kusiya theka la chakudya. Kenako ankangogona, thupi lili motomoto. M'mawa wachitatu ndinapeza timadontho ta magazi pamene anagona, tikuchokera m'mphuno. Ndinamukweza mlomo ngati mmene anandiphunzitsira zaka zisanu m'mbuyomo. Nkhama zinali zotuwa, zili ndi timadontho tofiira ngati tobaya ndi singano. Sindinadikire kuti kuche bwino.

Magazi anasonyeza Ehrlichia canis, kachilombo kamene kamalowa m'maselo oyera n'kugwetsa tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti aziundana. Matendawa anayamba kufotokozedwa ku Algeria mu 1935, ndipo anadziwika kwambiri atapha agalu ambiri a asilikali a America pa nkhondo ya ku Vietnam. Zizindikiro zimayamba patapita mlungu umodzi mpaka itatu chilumidwireni, ndiye nkhupakupa yochititsayo imakhala itagwa kalekale. Choopsa n'chakuti galu akhoza kuoneka ngati wachira yekha, kachilombo katabisala m'thupi, n'kudzabweranso patapita miyezi kapena zaka kataononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. Mphepo anamwa doxycycline masiku 28 osadumphitsa. Pali matenda enanso a nkhupakupa, a Babesia, amene amaphwanya maselo ofiira, nkhama n'kuyera kapena kuchita chikasu, mkodzo n'kuda. Amenewo satenga nthawi.

Chimene ndinalakwitsa chinali kuganiza kuti nkhupakupa zimangokhala kutchire ndipo zimatha ndi nyengo. Nkhupakupa yofiirira ya agalu, Rhipicephalus sanguineus, imatha kukhala moyo wake wonse m'nyumba ndi m'khola. Imayamwa katatu pa moyo wake, ndipo ikakhuta imagwa n'kukabisala. Imakonda kukwera, ndiye muziyang'ana m'ming'alu ya khoma, kuseri kwa mafelemu a zitseko ndi pansi pa denga la kanyumba ka galu, osati pansi pokha. Yaikazi imodzi yokhuta imaikira mazira masauzande, ndipo tiana take timatha kudikira miyezi osadya. Nditayang'ana m'kanyumba ka Mphepo ndi tochi, ndinazipeza zitandandana m'mphepete mwa thabwa la pamwamba.

Mukaipeza yakakamira pakhungu, igwireni ndi chopanira pafupi penipeni ndi khungu, n'kukoka pang'onopang'ono osaifinya mimba. Musaiwotche ndi machesi, musaipake mafuta, chifukwa ikamavutika imatha kulavulira zam'kati mwake m'bala. Tizilombo tina timafuna tsiku limodzi kapena awiri nkhupakupa ili chiyamwire kuti tilowe, tina maola ochepa chabe, ndiye kuchotsa msanga kumathandiza koma sikulowa m'malo mwa mankhwala. Alipo odontheza pakhosi monga fipronil, ilipo mikanda yovala m'khosi, ndipo kuyambira cha mu 2014 kuli mapiritsi otafuna a gulu la isoxazoline. Afoxolaner amagwira mwezi umodzi, fluralaner mpaka milungu 12, ngakhale kuti pa mitundu ina ya nkhupakupa nthawiyo imafupikirapo. Mu 2018 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti ziweto zina zimanjenjemera kapena kugwa khunyu zikamwa mankhwala a gulu limeneli, ngakhale kuti kwa zambiri ndi abwinobwino. Ngati chanu chinagwapo, muwauze adokotala asanakusankhireni. Ine ndinasankha mapiritsi chifukwa Mphepo amakonda madzi, ndiponso chifukwa amagona khosi ndi khosi ndi Phulusa.

Pano Mphepo ali ndi zaka 9, ndipo kukamwa kwayamba imvi. Madzulo alionse amabwera yekha n'kutsamira mwendo wanga, poti anazolowera. Ndimayambira m'makutu, mkati ndi kuseri, kenako pansi pa lamba wa m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, n'kutsiriza ndi pakati pa zala, chimodzichimodzi. Ndimayendetsa chikhato m'nthiti, n'kukweza mlomo. Phulusa salola zonsezi pa nthawi imodzi, ndiye iye ndimamupesa akakhala pamiyendo panga, pepala loyera lili pambali. Mlungu watha nthiti za Mphepo zinamveka patali pang'ono, ndipo sikelo inavomereza: wawonjezera magalamu 800 m'miyezi iwiri, poti masiku ano sathamanga ngati kale. Ndachepetsa chakudya chake chamadzulo ndi kotala ya kapu, ndipo ndalemba m'kope kuti tidzakwerenso pasikelo pakatha milungu inayi, tsiku lomwe onse awiri adzamwe mankhwala a njoka.